Mmene tinayambira kutengera alendo ku chigwa cha Kuiseb

Anthu akumudzi amandifunsabe kuti kodi achimwene ku Namibia mumagulitsa chani, ndikawauza kuti ndimatenga anthu kukawaonetsa mtsinje wopanda madzi amangoseka. Koma ndi zoona, bizinesi yathu ndi imeneyo, ine ndi mayi akunyumba, Hilux imodzi yakale ndi kulabokosi, timanyamukira ku Walvis Bay.

Ndinabwera kuno ngati dalaivala wa kampani ina ya nsomba, ntchito itatha ndinatenga kandalama konse nkugula galimotoyo. Chaka choyamba chinali chowawa, tinkachita zomwe aliyense akuchita, kupita ndi alendo pa milu ya mchenga ajambule zithunzi basi, ndiye makampani akuluakulu ali ndi magalimoto ambirimbiri komanso mitengo yotsika ife tikanapikisana nawo bwanji. Mafuta akudya, pemiti yolowera mu paki ya Namib-Naukluft ikudya, matayala ndiye osanena.

Zinasintha tsiku lina nditanyamula gogo wina wachijeremani amene anati sakufuna za mchenga, akufuna kukaona pomwe Henno Martin ndi Hermann Korn anabisala. Ine sindimawadziwa nkomwe. Anali akatswiri a miyala awiri achijeremani, mu 1940 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati anathawira ku chigwa cha Kuiseb poopa kutsekeredwa m'kampu, anakhala kumeneko zaka ziwiri ndi galu wawo Otto, kumasaka nyama, kumagwira nsomba m'timadziwe totsalira pansi pa matanthwe, mpaka Korn anadwala nkubwerera mu 1942. Tinafika pamalopo, kaphanga chabe pansi pa thanthwe ndi miyala yosanjidwa ndi manja kutchinga mphepo. Gogoyo anakhala pansi osayankhula kwa nthawi ndithu, ine mtima unandigunda, ndinati nkhani ngati iyi ndakhala ndikuidutsa pa msewu osaidziwa.

Kuyambira pomwepo ndinayamba kuwerenga usiku ngati mwana wa fomu folo. Za James Alexander amene anadzera m'chigwachi mu 1837 ndi ng'ombe zake zitatheratu ndi ludzu mpaka kukafika kunyanja ku Walvis Bay. Za Charles Koch wa ku Austria, munthu wokonda zikumbu, yemwe anayambitsa malo a kafukufuku a Gobabeb mu 1962 pompo m'mbali mwa mtsinje, pamalo pomwe mbali ino ndi mchenga wofiira mbali inayo ndi chigwa cha timiyala toyera. Ndiye ndimawafotokozera alendo kuti mtsinjewu ngakhale umauma nthawi yaitali, ukasefukira umakokolola mchenga wonse womwe wagweramo, nchifukwa chake milu ija imathera pomwepo siwoloka kupita kumpoto.

Koma chomwe ndimakonda kwambiri ndi kachikumbu kakuda kaja komwe Mary Seely ndi William Hamilton analemba za iko mu 1976. Timadzuka folo koloko, nkhungu yochokera kunyanja ili tolo, kuzizira ngati Dedza mwezi wa June, ukayenda pang'onopang'ono pamwamba pa mulu umakapeza kataweramitsa mutu pansi mbuyo m'mwamba, timadontho ta nkhungu tikutsetsereka pamsana mpaka kukamwa. Mwana wina wa alendo anagona chafufumimba pamchenga kukayang'ana mpaka bambo ake anachita kumunyamula.

Ndipo sindilola ulendo kutha tisanaime kwa anthu a Topnaar. Azungu onsewa anabwera nkuwapeza ali kale m'chigwamo ndi mbuzi zawo, akudziwa pokumba madzi, akukolola !nara, kachipatso kaminga kokhala ngati vwende komwe nthanga zake amakazinga. Zimandipweteka mlendo akamachoka akuganiza kuti chigwachi chinayamba ndi amene anabwera ndi makope. Timagula nthangazo kwa amayi akumeneko ulendo uliwonse, mayi akunyumba amaziika m'timapaketi pamodzi ndi mandasi a alendo.

Tsiku loyamba kutsikira pansi pa mtsinje ndinaona mitengo ikuluikulu mbuzi zikutola nyemba zake, kuyang'anitsitsa ndi nsangu, womwe uja wa m'munda mwa agogo ku Salima. Nkhomaliro timadyera pansi pake mpaka lero. Pano tikusunga ya galimoto yachiwiri, mlamu wanga akuphunzira njira, dzulo anatitimiza Hilux mumchenga kawiri koma tayala akudziwa kuphwetsa tsopano.