Anamapopa a Khungu Lakuda mu Ganja & Hess

Mafilimu ambiri a anamapopa amene ndinakula ndikuonera anali a mzungu wotuwa nkhope, wovala chijasi chakuda, wokhala m'chinyumba chakale ku Ulaya. Munthu wakuda akaonekamo, tinkadziwiratu kuti sachedwa kufa.

N'chifukwa chake Ganja & Hess ya 1973 ndimaikonda kwambiri. Bill Gunn anaipanga ndi ndalama zochepa, pafupifupi madola 350,000. Duane Jones akusewera ngati Dr. Hess Green, munthu wophunzira komanso wolemera, amene wabayidwa ndi mpeni wamakedzana n'kuyamba kumva ludzu la magazi. Marlene Clark ndiye Ganja, mkazi wosaopa, wosapempha chilolezo kwa aliyense. Ludzulo Gunn analisonyeza ngati ukapolo wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo chakumapeto Hess akukafuna mpumulo m'tchalitchi cha anthu akuda, nyimbo zili pakamwa pa mpingo wonse. Chigawo chimenecho chimandikhudza mpaka lero.

Pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, anthu anaiyamikira, koma kwawo ku America eni ndalama anaigulitsa kwa kampani ina, imene inaidula n'kuitulutsa ndi dzina lina, Blood Couple. Zimenezi zimandiwawa ndithu.

Ndalama zikachepa, nthawi zambiri wopanga filimu amasankha yekha nkhope zoti zionekere. Mu 2014 Ana Lily Amirpour anatulutsa A Girl Walks Home Alone at Night: namapopa wake ndi mtsikana wovala chador (nsalu yaikulu imene akazi a ku Iran amafunda kumutu ndi thupi lonse), wolankhula Chiperisiya, wosaka amuna ozunza akazi usiku. Anaijambula ku Taft, California. Chaka chomwecho Spike Lee anapanganso nkhani ya Gunn ija, ndalama zake atasonkhetsa pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti limene anthu amasonkherapo ndalama zothandizira ntchito ngati zimenezi.