Sabata imene bwana anatichotsa pamthunzi

Bwana watsopano wa gulu lathu la trafiki safunsa funso limene tinalizolowera. Kale Lolemba likafika, pa perete pankamveka chinthu chimodzi: mwalemba ma GR (malisiti a chindapusa) angati sabata yatha? Awa anabwera ndi pepala lalikulu, atajambulapo okha msewu wa M1 kuchokera pa Thabwa, kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka. Anati aliyense aike kadontho pamene anatolapo munthu wovulala kapena mtembo, alembenso nthawi yake. Timadonthoto tinaunjikana m'malo a malonda ndi m'munsi mwa phiri, ndipo nthawi zambiri zinali za madzulo, dzuwa litapendeka. Pansi pa mtengo pamene timakonda kuima ndi kamera yoyezera liwiro cha m'ma 10 koloko m'mawa panalibe kadontho ngakhale kamodzi.

"Ndiye mumalondera chiyani pamenepo, mthunzi?" anatero. Tinaseka, koma ndandanda ya ntchito inasintha tsiku lomwelo.

Lachiwiri ananditumiza kuphiri. Amene anatsikapo msewu wochokera ku Blantyre akudziwa makhotakhota ake. Dalaivala wa lole amene sadziwa malowa amatsika ataponda buleki njira yonse m'malo moika giya yaing'ono, mabuleki amatentha, ndipo pofika kumunsi, kumene kuli anthu ogulitsa malonda, galimoto imangodziyendera. Ntchito yanga inali kuimitsa malole ndi kulankhula ndi madalaivala. Mmodzi, atanyamula simenti, mawilo akufuka, anayamba kupisa m'thumba ndisanatsegule pakamwa. Ndinati, "Achimwene, bwezani zimenezo. Tsikani mudzanunkhize nokha tayalali." Anadikira kuti mabuleki azizire, akung'ung'udza kuti abwana ake amukalipira. Zoona amukalipira, ndipo apa ndi pamene ntchito yathu imathera mphamvu, chifukwa wopereka nthawi yofikira katundu ali mu ofesi yozizira, ife timangokumana ndi wotumidwa.

Lachitatu linapita ndi mapepala ndi bwalo la milandu. Mlandu unaimitsidwa.

Tsiku limene linandipatsa zoganiza ndi Lachinayi, pamene tinakumana ndi akabaza a njinga zamoto pa siteji ina. Bwana anakana kuti tipite ndi lole yonyamulira njinga zolandidwa. Anaitana tcheyamani wa siteji, anyakwawa ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, tonse tinakhala pansi. Anyamatawa sanabise mawu. Anati layisensi ndi yodula, komanso kuti ukaipeze uyenera kukwera phiri kupita ku Road Traffic ku Blantyre, kutaya masiku osagwira ntchito, pamene mwini njinga akudikira ndalama yake madzulo alionse. Za chipewa anati m'mwezi wa Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo okwera amakana kuvala chipewa chonyowa ndi thukuta la munthu wina. Mayi wina wa komiti anawayankha m'Chisena, mawu ake anali akuti thukuta limachapika koma mutu ukasweka palibe telala wousoka. Anyamata anaombera m'manja, ngakhale sindikulonjeza kuti onse anagula zipewa.

Chimene tinagwirizana n'chochepa. Asamanyamule anthu atatu, asamayende usiku opanda nyali, ndipo tcheyamani azichotsa pa mzere aliyense wobwera atalawa. Bwana analonjeza kuti akatengera nkhani ya layisensi kwa akuluakulu, koma ananenetsa kuti lamulo la pamsewu la 1997 silinasinthe, wopezeka wopanda mapepala adzalipira ndithu. Ine ndinaona kuti njira imeneyi ndi yanzeru. Ukathamangitsa wa kabaza ndi galimoto ya polisi amakhotera m'tinjira ta m'mudzi pa liwiro, ndipo amene amagundidwa ndi mwana amene amasewera pakhomo pa makolo ake.

Si onse kuntchito akugwirizana nazo. Mnzanga wina wachikulire akuti bwanayu sakhalitsa ndi maganizo amenewa, chifukwa kumwamba amawerenga ndalama za chindapusa, ndipo munthu amene sanafe salembedwa m'buku lililonse. Ali ndi mfundo. Bwana amakonda kutchula cholinga cha United Nations chochepetsa ndi theka imfa za pamsewu pakati pa 2021 ndi 2030, koma mafuta a galimoto yathu imodzi safika kumapeto a mwezi, ndipo kachipangizo koyezera mowa timachita kubwerekana. Kuyendera msewu madzulo kumadya mafuta. Kuima pamalo amodzi sikudya kanthu. N'chifukwa chake tinazolowera mthunzi, si ulesi wokha.

Lachisanu madzulo tinali chakummwera kwa Nchalo. Ino ndi nyengo yodula nzimbe, choncho pamsewu pamakhala mathirakitala ndi malole olemedwa, kuphatikizapo njinga zakapalasa zonyamula makala, ng'ombe zobwerera kukhola, ndi ngolo zopanda chonyezimira chilichonse kumbuyo. Dalaivala wa minibasi kapena Sienta wothamangira ulendo womaliza amaona ngolo atafika kale pamsana pake. Kuwonjezera apo, pali malo ena pamene madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadya m'mbali mwa msewu, moti woyenda pansi amakakamizika kuponda phula. Tinaimitsa ngolo zingapo n'kumatapo tepi yonyezimira imene bwana anapempha kwa amalonda. Bambo wina mwini ngolo anafunsa kawiri konse ngati sitimulipiritsa.

Cha m'ma 8 koloko foni inalira. Njinga yamoto inawombana ndi ng'ombe, wokwera anali mayi wobereka mwana kumbuyo. Mwana anapulumuka, mayi anathyoka mwendo, woyendetsa anavulala m'mutu ndipo chipewa chinali chomangirira pa handulo. Tinawanyamula pa galimoto yathu kupita nawo kuchipatala, ndipo mnyamatayo anamutumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre usiku womwewo. Mwini ng'ombe sanapezeke, monga mwa nthawi zonse, ngakhale mudzi wonse ukuidziwa ng'ombeyo.

Loweruka m'mawa ndinalemba lipoti, bwana anaika kadontho kena papepala lija, n'kundiuza kuti sabata yamawa ndikakumane ndi mafumu pa nkhani ya ziweto zoyenda usiku. Ma GR a sabatayi anali ochepa kuposa masiku onse, ndipo foni yofunsa chifukwa chake inabwera tisanaweruke. Bwana anatseka chitseko poyankha.