Tsiku limene ndinatsala ndekha pachiwaya

Malo athu odyera ali m'mphepete mwa msewu wa M1 pa Lizulu, pomwe ukangowoloka tala ndiye kuti waponda kale dziko la Mozambique. Tinayamba ndi chiwaya chimodzi, benchi ndi zidebe ziwiri za madzi. Bambo a kunyumba ankalawirira kukapikula kachewere kwa alimi a konkuno ndi a ku Angonia, ine n'kumasenda, kukazinga, kulandira ndalama. Madalaivala a mathiraki oyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe atazolowera kuima pathu, tinawonjezera nsima, nyemba ndi nkhuku ya lokolo. Manja anachepa. Tinalemba anthu anayi: amayi awiri a kukhitchini, mnyamata wa pachiwaya ndi mtsikana woperekera chakudya.

Ndisabise, ndinali bwana wowuma mtima. Nthuli za nyama ndinkaziwerenga zili mumphika. Malipiro ankatuluka "zikayenda", mwezi wina pa 5, mwezi wina pa 12. Mumtima ndinkati munthu ukamulemba ntchito wamuchitira chifundo, azithokoza basi.

Ndiye kunagwa mvula yobzalira, usiku wonse wa Lamulungu. Lolemba m'mawa ndinatsekula chitseko, n'kusonkha moto, n'kudikira. Zii. Anangofika mtsikana yekha, nayenso maso ali kumsewu. Thumba la kachewere lili tsonga pakona, nyemba zosaviika, basi yaima panja anthu akufuna chipisi. Ndinasenda mothamanga mpaka mpeni unandicheka chala, ndikumanga kansanza n'kupitiriza. Mafuta anapsa, nsima inatuluka ya mitanda. Dalaivala wina amene amadya pathu masiku onse anangoiyang'ana, n'kulipira osamaliza. Zimenezo zinandiwawa kuposa chala.

Amayi aakulu a kukhitchini anatulukira Lachinayi, zidendene zili matope. Ndinali nditakonzeka kuwauza kuti abwerere komwe anali. Iwo anakhala pampando modekha.

"Amayi, pepani ndithu. Koma mbewu siidikira bwana. Ndikanakupemphani mukanandilola?"

Sindinayankhe, chifukwa yankho tonse tinkalidziwa.

"Ndalama ya pano imathera sopo ndi mchere. Nsima ya ana anga mwezi wa February imachokera kumunda. Inunso kwanu simulima kodi?"

Timalima. Sabata yomweyo aganyu anali akubzala m'munda mwathu, olipidwa ndi ndalama ya chipisi chomwe amayiwa ankasenda. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Kuyambira pamenepo kalendala ya malo athu imatsatira mvula. Ikayandikira nthawi yobzala timakhala pansi tonse n'kugawana masiku: awa apita Lolemba ndi Lachiwiri, awa Lachitatu ndi Lachinayi, ine n'kumatseka mpata. Pa kupalira ndi kubandira amayamba kumunda mbandakucha n'kufika kuntchito cha m'ma 10, malipiro osadulidwa. Masiku a msika okha ndiye palibe wochoka, ndipo lamulo limenelo anaika okha. Mwezi wa October aliyense amene akufuna timamugulira thumba limodzi la feteleza wokulitsa la makilogalamu 50, n'kumabweza pang'onopang'ono mpaka pokolola, popanda chiwongola dzanja. Bambo a kunyumba ankati tidzalirira kuutsi, anthu adzathawa ndi ngongole. Mmodzi anathawadi, mtsikana woyamba uja, tinamva kuti ali ku Joni. Ena onse anabweza mpaka tambala yomaliza.

Zina n'zazing'ono moti ndimachita manyazi kuti sindinkaziona. Kuno mwezi wa June ndi July kumazizira koopsa, nkhungu ili mbuu mpaka dzuwa litakwera, ndipo munthu wotsuka kachewere m'madzi ogonera m'chidebe zala zimachita kuuma. Kutereka mphika wa madzi ofunda pambali pa chiwaya sikudya nkhuni zambiri. Majuzi a pakaunjika anayi sanatigwetse. Tiyi ndi chigumu m'mawa, ndipo nkhomaliro timadya tonse makasitomala asanachuluke, mphika womwewo, osati zotsala m'mbale monga kale. Nthuli ndinasiya kuwerenga. Chodabwitsa, nyama ndi pomwe inasiya kusowa.

Mayeso enieni anabwera mu November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta ophikira, shuga, feteleza, zonse zinakwera ngati zapangana. Chaka chotsatira boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Ndinaganiza zochotsa munthu mmodzi. M'malo mwake ndinachita chinthu chimene anzanga ochita geni amati n'kudzivula: ndinatsekula buku la ndalama patebulo, aliyense aone zolowa ndi zotuluka. Mnyamata wa pachiwaya ndiye anati tikutaya mafuta pokazinga pang'onopang'ono tsiku lonse, bwanji tizikazinga kwambiri nthawi yomwe mabasi amaima. Amayi aja anati makoko a kachewere amene tinkataya kudzala akufunidwa ndi oweta nkhumba. Tinasiya kuphika mpunga madzulo, womwe unkangogona. Sitinachotse munthu, ngakhale miyezi ingapo ine ndi bambo tinkadzilipira mochedwa. Antchito okha ndiye amalandira pa 28, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kugwe mvula kuwale dzuwa. Pa tsikulo amachitanso chipereganyu chawo, ine sindilowererapo.

Sikuti pano ndi kumwamba. Timakangana. Maliro akagundana ndi tsiku la msika mutu umandizungulira, koma munthu sungamuletse kukaika mbale wake, ndipo chipepeso chimachoka m'bokosi la malo ano. Pali masiku amene lilime langa lakale limadzuka, amayi aja n'kungondiyang'ana, ine n'kudziwa kuti ndalumpha malire.

Mwezi watha mnyamata wa pachiwaya anadikira kuti anzake aweruke, n'kuima pakhomo akupotokola chipewa. Akufuna kukatsekula chiwaya chake pa Tsangano Turn-off, ndalama ya chipereganyu yakwana. Wandipatsa miyezi iwiri, ndipo wabwera kale ndi mphwake woti amuphunzitse. Chiwaya chathu choyamba chija, chopindika m'mbali, chinali chikuchita dzimbiri kuseri kwa khitchini. Dzulo wachikwecha ndi mchenga, akuti Loweruka abwera ndi njinga kudzachitenga.