Lachitatu la sabata yachiwiri ya Pasaka: moto wa makala

M'mawa kwayamba kuzizira, mame ali mbwee pa udzu. Ku mapemphero a 6 koloko kunabwera anthu owerengeka, ambiri alawirira kumunda kukaimika mikukwe. Mawu a lero anachokera pa Yohane 21, ndime 1 mpaka 19, ndipo nthawi yambiri inathera pa ndime 9.

Ophunzira 7 adachezera usiku wonse pa nyanja ya Tiberiya osapha ngakhale kansomba: Petro, Tomasi, Natanaele wa ku Kana, ana awiri a Zebedayo ndi ena awiri osatchulidwa maina. Kutacha, Munthu woima pagombe, yemwe anali Yesu, adawauza kuti aponye khoka kudzanja lamanja la ngalawa, ndipo adakokera kumtunda nsomba zikuluzikulu 153, khoka osang'ambika. Anali pamtunda wa mikono 200 kuchokera kugombe, pafupifupi mamita 90. Atafika adapeza moto wa makala uli kale ngwee, nsomba zili pamoto, buledi ali pambali.

Motowo si wongokometsera nkhani. Liwu la Chigiriki lotanthauza moto wa makala limapezeka kawiri kokha m'Chipangano Chatsopano chonse: pano, ndi pa Yohane 18:18, m'bwalo la mkulu wa ansembe pomwe Petro ankaotha usiku womwe adakana Ambuye katatu. Ambuye owuka kwa akufa adam'bwezera pa fungo lomwe lija la utsi, nam'funsa katatu ngati amawakonda. Sadalambalale tchimo lake, komanso sadam'nyazitse nalo.

Masana akulu a mpingo anakumana kukonzekera kulandira akhristu atatu omwe adaimitsidwa pa Mgonero. Apa m'pamene chiphunzitso cha kuuka chimayesedwa, osati pa nyimbo za Pasaka ayi. Anagwirizana kutsata dongosolo lomwe Ambuye adatsata ndi Petro.

Choyamba n'kukumana ndi munthuyo payekha. Luka 24:34 ndi 1 Akorinto 15:5 amanena kuti Ambuye adaonekera kwa Petro, ndipo Paulo amam'tchula iye asanatchule khumi ndi awiri aja. Zomwe adakambirana kumeneko sizidalembedwe paliponse. Choncho akulu awiri, osati bwalo lonse, apite kunyumba kwa munthuyo lisanafike Lamulungu, ndipo ngati ndi mayi, mmodzi mwa awiriwo akhale mayi. Zomwe amve kumeneko zithere komweko. Mipingo yambiri imaonongera pamenepa: mkulu akauza mkazi wake madzulo, m'mawa nkhani ili kumjigo, ndipo wolapayo sadzatsegulanso pakamwa.

Taonaninso kuti mafunso adabwera atatha kudya, monga ikunenera ndime 15 ya Yohane 21. Munthu wanjala, wamanyazi, woimikidwa pakati pa anthu okhala pamipando, amangoyankha zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva. Khalani naye pamkeka, imwani naye thobwa, kenako funsani. Ndipo funso lake ndi lokhudza chikondi chake kwa Khristu lero lino. Kufufuza kuti kunali kuti, kangati, ndi yani, nthawi zambiri kumangodyetsa chidwi cha ofunsawo.

Panali kukambirana kwakutali pa za kulapa pagulu. Petro adafunsidwa pamaso pa anzake 6, ndipo kudzitama kwake kuti ngakhale onse atathawa iye sadzatero, pa Marko 14:29, adakuchita pamaso pa ophunzira anzake. Muyeso wake ndi umenewo: kulapa kufike pomwe tchimo lidafika, osapyola. Wolakwira banja limodzi akapepese ku banjalo. Wodya ndalama za chopereka abweze, ndipo alemberane ndi msungichuma kuti azipereka zingati pamwezi mpaka liti, chifukwa lonjezo lopanda tsiku limangosanduka ngongole ina ya manyazi. Mkulu wina anakumbutsa chinthu chowawa chomwe ndi choona: pa nkhani ya mimba, kawirikawiri mtsikana ndiye amaonekera, mnyamata n'kumangoimba kwaya. Ngati bwalo silingaitane onse awiri, lisadzitame kuti likusunga chiyero cha mpingo.

Chomwe chimaiwalika kwambiri ndi ntchito. Yankho lililonse la Petro lidatsatidwa ndi udindo: dyetsa ana a nkhosa anga, weta nkhosa zanga. Pasanathe masiku 50 chiukireni Ambuye, munthu yemweyu adalalika pa Pentekoste anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa. Ife timalandira munthu ku Mgonero koma n'kumusiya pabenchi yakumbuyo zaka zisanu. Wotereyu wakhululukidwa papepala chabe. Sikuti amene adadya ndalama apatsidwenso thumba mawa lomwe, ayi, komabe angathe kuyendera odwala, kutsogolera pemphero la kumudzi, kuthandiza pomanga. Yohane Marko adathawa ulendo wolalikira ku Pamfiliya, Paulo n'kumukana mpaka kusiyana ndi Barnaba, koma pa 2 Timoteo 4:11 Paulo yemweyo akumuitanitsa kuti ndi wothandiza pa utumiki.

Chakumadzulo, pobwerera, nkhani inagwera pa Yudasi. Nayenso adamva chisoni, adabweza ndalama zasiliva 30, adavomera kuti wapereka mwazi wosalakwa. Koma adapita nazo kwa akulu a ansembe omwe adam'yankha kuti zimenezo n'zake, ndipo adachoka yekhayekha kukadzimangirira. Petro adalira koopsa koma adakhalabe pakati pa anzake, ndipo m'mawa wa Pasaka uthenga wa mngelo pa Marko 16:7 udam'tchula dzina: kauzeni ophunzira ake, ndi Petro. Yesu akadakhalabe m'manda, mawu omaliza a Petro onena za Mbuye wake akadakhala akuti sindim'dziwa, popanda woti n'kum'pepesa. N'chifukwa chake masiku oyamba munthu atangoimitsidwa ndiwo oopsa. Paulo adachenjeza pa 2 Akorinto 2:7 kuti wolangidwa angamizidwe ndi chisoni chopitirira. Bwalo lagamula kuti aliyense woimitsidwa aziyenderedwa sabata yoyamba isanathe, ndipo kenako kamodzi pamwezi, dzina la womuyendera lilembedwe m'buku.

Lamulungu atatu aja adzalandiridwa ulaliki usanayambe, popanda kutchula zomwe adachita. Mmodzi wavomera kale kuyamba kuyendera nkhalamba za kutsidya kwa dambo Lachiwiri likubwerali.