Atandiitana kukayankha za wodwala amene anamwalira pa ulendo wa ku Tete

Nkhani yanga a Procuradoria, ofesi ya boma yozenga milandu, aitseka, apeza kuti mlandu palibe. Ndati ndikuuzeni anzanga ogwira ntchito ku Banco de Socorros, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, m'maboma akuno kumtunda momwe zimayendera, poti kusukulu za izi sanatiphunzitse.

Anali mnyamata woyendetsa njinga yamoto, anabwera naye usiku atavulala mutu. Kuno makina ojambula mkati mwa mutu kulibe, ndiye ndinalemba guia de transferência, kalata yotumizira wodwala ku chipatala cha ku Tete. Ambulansi inali itanyamuka kale ndi mayi woyembekezera. Itabwerako tinamukweza, koma anatsirizikira m'njira. Achibale anakadandaula ku Gabinete do Utente, ofesi ya pachipatala yolandira madandaulo, kenako kupolisi, akuti tinangomugoneka osamulabadira. Sindiwaimba mlandu, anataya mwana wawo.

Chinandipulumutsa ndi kulemba nthawi. Lembani ola limene wodwala wafika, ola limene mwamuona, Glasgow yake (muyeso wa mmene akutsitsimukira) ili pati pa 15, ola limene mwapempha ambulansi ndi amene anakuyankhani. Wofufuza mlandu sadziwa kwenikweni za mankhwala, koma wotchi amaidziwa, ndipo mafunso ake onse ankazungulira pamenepo.

Notificação, kalata yokuitanani kukayankha, ikakupezani, funsani kaye ngati mwaitanidwa monga declarante kapena arguido. Declarante amangofotokoza zomwe akudziwa. Arguido ndiye akuganiziridwa mlandu, ndipo ali ndi ufulu wokhala ndi loya pambali komanso wosayankha mafunso. Mlandu umene amakonda kutchula ndi homicídio involuntário, kupha munthu mosafuna chifukwa chosasamala, uli mu Código Penal wa 2019. IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, ilipo, koma inakhazikitsidwira anthu osowa, choncho ife olandira malipiro a boma tisadalire pomwepo.

Koma chimene chikundipsetsabe mtima ndi tsiku limene ndinalitaya mu mzinda wa Tete. Ofesi ina inandiuza pafoni kuti ndibwere ndi makope a mapepala. Ndinasinthana ntchito ndi mnzanga, ndinakwera chapa (minibasi) kusanache, kutsika ku Mussacama, kudutsa Moatize, kuwoloka Zambeze. Amene mumakudziwa kutentha kwa Tete mwezi wa Novembala mukundimvetsa, makamaka ife ozolowera mphepo ya kumapiri. Ndinakhala pabenchi mpaka masana. Nditalowa, bambo wa pamenepo anangotembenuza mapepala aja n'kunena kuti makope opanda chidindo cha notário, wotsimikizira mapepala mwalamulo, salandira. Bwanji osandiuza pafoni paja? Ndinathamanga kukadinditsa, kulipira tsamba lililonse palokha ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Pobwerera ndinapeza mwini nkhaniyo watuluka. "Bwerani mawa, a dokotala." Mawa lake liti, kwathu kuli mzere wa odwala ndipo mnzanga wagwira kale usiku wonse? Ndinagona kwa mlamu wanga ku Matundo mtima ukuwira. Dinditsani makope musananyamuke, ndipo chilichonse chomwe akuuzani pafoni pemphani akulembereni.

Ndatsala pang'ono kuiwala za processo clínico, failo ya wodwala. Musaitulutse m'chipatala nokha, ndipo musaipereke kwa aliyense, kaya wachibale kaya wapolisi wongobwera pakamwa. Ndi chinsinsi cha wodwala. Pempho lidze lolembedwa kudzera kwa mkulu wa chipatala. Musawonjezemonso kanthu nkhani itabuka kale, ngakhale liwu limodzi loona, chifukwa inki yatsopano pa tsamba lakale imakusandutsani wobisa umboni.

Dziwaninso kuti nkhani imayenda pawiri. Kupolisi n'kwina, ndipo kuntchito angathe kukutsegulirani processo disciplinar, mlandu wa mwambo wa pantchito, monga wogwira ntchito m'boma. Akakupatsani nota de acusação, kalata yofotokoza zomwe akukunenezani, yankhani molemba masiku amene aika asanathe. A Ordem dos Médicos, bungwe la madokotala, nawonso ali ndi mphamvu yolanga, ndiye chiphaso chanu chikhale chosatha ntchito. Ine nambala yake anandifunsa.

Potsiriza kufunsidwa amakupatsani pepala loti musaine. Liwerengeni lonse modekha, ngakhale wolembayo akhale akuyang'ana pakhomo. Pa langa panalembedwa kuti ndinachedwa kutumiza wodwala, pamene ine ndinanena kuti ambulansi ndiyo inachedwa kubwerako. Ndinakana kusaina mpaka anakonza. Chinandilimbitsa ndi guia ija, pomwe panali ola limene ndinailemba, komanso buku la woyendetsa ambulansi losonyeza ola limene anafika. Ndi chifukwa chake ndikubwereza kuti lembani nthawi, ngakhale odwala atadzaza khonde lonse.

Ndalama za chapa, za notário ndi za loya palibe wandibwezera, ndipo kalata yopempha ambulansi yachiwiri tailembanso mwezi uno.