Pitani Lolemba mmawa mukafuna kuyezetsa Philadelphia chromosome

Amuna anga anayamba kumwa mankhwala sabata yatha, patatha miyezi iwiri tikuyendera chipatala, ndipo mwezi wathunthu pa nthawi imeneyi unatayika popanda chifukwa. Anayamba ndi kutupa kapamba, kufooka ndi kutuluka thukuta usiku, ndipo atayezedwa magazi, maselo oyera anapezeka ochuluka kwambiri. Adokotala anaganizira khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukaemia, koma anati ayenera kutsimikiza kaye ngati m'maselo muli Philadelphia chromosome, chizindikiro chachikulu cha matendawa.

Tinanyamuka ku Area 25 Lachisanu, tinakhala pamzere wolipira mpaka masana, ndipo magazi anatengedwa anthu atatsala pang'ono kuweruka. Palibe amene anatiuza kuti magaziwo amatumizidwa kulabotale yakutali ndiponso kuti sayenera kukhalitsa. Anagonera Loweruka ndi Lamlungu. Patatha masabata atatu ndikuimba foni tsiku ndi tsiku, anandiyankha kuti magaziwo anawonongeka ndipo tiyambirenso. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu amene analandira magaziwo ankadziwa tsiku limene amatumiza, koma anangotenga n'kukhala chete, pamene wodwala ankalephera ngakhale kumaliza ntanda umodzi wa nsima. Pitani Lolemba mmawa, ndipo funsani tsiku limene magazi achoke musanapereke mkono.

Ndibwerere pa kuyezako, chifukwa apongozi anga anaumirira kuti matendawa ndi a kumtundu. M'maselo a munthu mumakhala ma chromosome 46, tinthu timene timanyamula majini, kapena kuti malangizo a mmene thupi limagwirira ntchito. Pa matendawa, chidutswa cha nambala 9 ndi cha nambala 22 zimasinthana malo, ndipo polumikizana pake pamapangika jini ya BCR-ABL, imene imachititsa kuti mafuta a m'mafupa azipanga maselo oyera mosalekeza. Chromosome ya nambala 22 yosinthikayo ndi imene imatchedwa Philadelphia chromosome. Zimenezi zimachitika munthu atabadwa kale, choncho sanatengere kwa makolo ndipo sangapatsire ana athu. Mankhwala a imatinib amaletsa mphamvu ya puloteni yochokera ku jini imeneyi, n'chifukwa chake adokotala ankafuna umboni asanawalembe.

Ulendo wachiwiri anafuna kuti tilipirenso, ndipo chinatithandiza ndi lisiti limene ndinalipinda m'buku la kuchipatala. Sungani pepala lililonse, mulijambulenso pafoni. Tinafika Lolemba nthawi ya 6 koloko, magazi anachoka tsiku lomwelo, ndipo zotsatira zinasonyeza kuti chromosome ija ilipo. Tsopano amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo tsiku lokayezetsanso magazi ndapempha kuti likhale Lolemba.