Lachitatu la Chisankho cha Timu ya Anyamata

Lolemba ndi Lachiwiri tinali m'maneti ophunzirira cricket monga mwa nthawi zonse, masana ana ataweruka kusukulu, ndi mipira yomwe ija imene msoko wake unaperepeseka kalekale, moti woponya mothamanga sangaikhotetse ngakhale ataigwira mwaluso chotani. Zipewa zotetezera mutu n'zochepa, ndipo anyamata amachita kulandirana zikadali zonyowa ndi thukuta. Aphunzitsi anzanga a cricket mukuzidziwa bwino zimenezi. Chimene chandiwawa sabata ino chinachitika Lachitatu, pamene akuluakulu a komiti anabwera kudzasankha timu ya anyamata.

Malo a womenya wachitatu ankalimbirana anyamata awiri. Woyamba ndi mwana amene aliyense amaima kuti amuonerere. Manja ake ndi ofewa, maso ake amaona mpira msanga, ndipo akaumenya chakumbali ya cover (mbali ya bwalo imene womenya amayang'ana akaima) umachoka pa bati popanda mphamvu yooneka n'kukafika kumalire. Koma kumaphunziro amabwera akafuna, ndipo mpira wodumpha wolunjika pachifuwa ukamubwerera, mwendo wakumbuyo umathawira ku leg (mbali ya kumsana kwake), maso n'kutsinzina. Wachiwiri anabwera chaka chatha asakudziwa n'kagwiridwe ka bati komwe, ndipo ankatuluka ndi LBW (kutchinga ndi mwendo mpira wolunjika pa mitengo itatu ya wiketi) pafupifupi masewera aliwonse chifukwa mwendo wakutsogolo unkapingasa kutsogolo kwa mitengo. Ndinamuuza kuti aike mpira m'sokosi yakale, aupachike ndi chingwe panthambi ya mango kwawo, aziumenya bati ili chilili m'mawa uliwonse. Anachitadi, mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Lero mutu wake umakhala pamwamba pa mpira, ndipo amadziwa kuuleka umene ukudutsa kunja kwa off stump (mtengo wa wiketi wa mbali imene womenya amayang'ana).

Akomiti anaonerera kwa masana amodzi okha, pa mkeka wosadumphitsa mpira, ndi mipira yofewa ija. Woyamba anamenya ma four okongola, mipira yofika kumalire imene imapatsa ma run (zigoli) anayi. Wachiwiri anatchinga, kuleka, ndi kuthamanga imodziimodzi osatuluka. Mkulu wina ananditembenukira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, uyu ndi wobadwa nalo, winayu mukungomukakamiza." Kaundula wanga, mmene ndimalemba momwe mwana aliyense watulukira m'masewera a chaka chonse, sanamutsegule n'komwe.

Sindikukana kuti luso lobadwa nalo lilipo. Palibe maneti amene angapange Brian Lara wina, munthu wa ku West Indies amene m'chaka cha 1994 anamenya ma run 375 pokumana ndi England, ndipo pasanathe miyezi iwiri n'kumenya 501 osatuluka akusewerera Warwickshire. Koma ndinawakumbutsa akuluakuluwo za anyamata awiri a ku Mumbai, Sachin Tendulkar ndi Vinod Kambli, amene anaphunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi, Ramakant Achrekar, ndipo mu 1988 anamenya limodzi ma run 664 m'masewera a sukulu. Kambli anayamba ma Test (masewera a masiku asanu a pakati pa mayiko) ngati moto wolusa, chifukwa mu 1993 anamenya 224 pokumana ndi England kenako 227 pokumana ndi Zimbabwe. Oponya a West Indies atatulukira mu 1994 kuti mpira wodumpha umamuvuta, vutolo silinakonzeke, ndipo Test yake yomaliza anasewera mu 1995 ali ndi zaka 23, atangosewera ma Test 17. Tendulkar anasewera 200. Iyenso anali ndi mphatso, koma chimene chinamusunga chinaoneka ku Sydney mu 2004: ataona kuti akutuluka kawirikawiri pothamangira mipira yakunja kwa off stump, anadziletsa kumenya cover drive (kumenyera mpira chakumbali ya cover) ndipo anafika pa 241 osatuluka. Kudziletsa kotereku sikubwera ndi magazi ayi, munthu amachita kukuphunzira.

Ndinatchulanso Marvan Atapattu wa ku Sri Lanka, amene maulendo ake asanu ndi limodzi oyamba omenya mu Test anapeza run imodzi yokha, koma anadzamaliza ndi ma century 16 (century ndi ma run osachepera 100 pa ulendo umodzi womenya). Steve Smith naye analowa timu ya Australia mu 2010 ngati woponya leg spin (kuponya mozunguza mpira) amene ankamenya pa nambala 8, anachotsedwa, anakadzikonza, ndipo mu Ashes (mpikisano wa ma Test wa Australia ndi England) ya 2019 anamenya ma run 774. Komiti yoonerera masana amodzi ikanawabweza onse awiriwa. Ngakhale Don Bradman wa ku Australia, amene avereji yake ya ma run 99.94 pa kutuluka kulikonse imatchulidwa ngati chozizwitsa, ubwana wake ku Bowral anauthera akumenya kampira ka gofu ndi mtengo wa wiketi pa tsinde la thanki yamadzi.

Anandimvetsera mwaulemu, koma dzina linali litalembedwa kale. Chimene chikundipweteka n'chakuti chisankhochi chalakwira ana onse awiri. Wolimbikira uja waphunzira kuti chaka chake cha thukuta sichiwerengedwa, pamene waluso uja wauzidwa, popanda mawu, kuti vuto lake la mpira wodumpha ndi kujomba kwake zilibe kanthu. Kumpikisano akakumana ndi mpira watsopano ndi oponya aatali, ndipo sindikufuna kuti akaphunzire zimenezi nthiti itathyoka.

Lachinayi ndinamuuza wachiwiriyo ndekha tisanayambe maphunziro. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, ndizibwerabe?" Ndinamuyankha kuti malo ake m'maneti alipo, ndipo anavala mapadi n'kulowa. Lachisanu linathera pa kusoka neti ndi kulemba kalata yopempha mipira yatsopano komanso kuti komiti izisankha itaonerera masewera enieni angapo ndi kuwerenga kaundula wa mphunzitsi. Loweruka ndinamuitana wosankhidwa uja yekha, ndipo ndinayamba kumuponyera mipira ya tenesi yonyowetsa pachifuwa ndili pafupi, kuti azolowere kuuyang'ana mpira mpaka wadutsa. Ndamuuza kuti tizichita zimenezi tsiku lililonse mpaka timu inyamuke, ndipo ndalankhula ndi makolo ake kuti asamajombe.